Mafunso ndi mayankho: Ana ndi banja la katekisiti pa nthawi ya maphunziro

Munthu akasankhidwa kuti akasulidwe pa ntchito ya ukatekisiti, parishi yonse imakondwera, ndipo pa Misa yomutsazika pamamveka nthungululu. Koma madzulo ake, alendo atabalalika, mwamuna ndi mkazi amatsala awiri pakhonde ndi mafunso amene m'tchalitchi sanayankhidwe: ana apita kuti, munda alima ndani, wa Sitandade 8 akalembera kuti mayeso, nanga wakhanda akatentha thupi usiku ndalama ichokera kuti. Tsamba lino lasonkhanitsa mafunso amene mabanja otere, abambo mfumu ndi makomiti a maparishi amafunsa kawirikawiri. Dayosizi iliyonse mwa madayosizi 8 a m'Malawi ili ndi dongosolo lakelake, choncho mayankhowa akufotokoza zimene Mpingo umaphunzitsa, zimene zimathandiza, ndi zimene banja liyenera kumvana ndi parishi lisananyamule katundu.

N'chifukwa chiyani nkhani ya ana ikulowa m'maphunziro a katekisiti? Kodi woitanidwa si munthu mmodzi?

Woitanidwa ndi mmodzi, koma ntchito yake imagwiridwira pakhomo. Chiyambire pamene ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, ansembe sanakhalepo okwanira kufika mudzi uliwonse Lamulungu lililonse, ndipo amene ankagona ndi kudzuka pakati pa anthu anali akatekisiti, omwe kale ambiri ankangowatchula kuti aphunzitsi. Mpaka lero parishi ya kumudzi imakhala ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambiri, ena a kutali kwambiri, kumene wansembe amafikako mwa apo ndi apo. Kumeneko katekisiti ndiye amatsogolera mapemphero a Lamulungu popanda wansembe, amaphunzitsa akatekumeni (anthu okonzekera ubatizo), amakonzekeretsa ana kulandira Ukaristia woyamba ndi Ulimbitso, amayendetsa mwambo wa maliro, ndiponso amalangiza amene akufuna kumanga ukwati.

Anthu ofuna thandizo lonseli sapita ku ofesi, amaodira pakhomo. Wobwera ndi uthenga wa maliro mbandakucha amapeza mayi wa pakhomopo akukoleza moto, ndipo ndi mayiyo amene amamuyalira mphasa ndi kumva nkhaniyo poyamba. Mlendo wochokera ku tchalitchi cha kutali akachedwa, nsima imene amadya ndi ya ana a katekisiti. Akhristu nawonso amayang'anitsitsa mmene iye amayankhulira ndi mkazi wake ndi mmene ana ake amaonekera, ndipo ulaliki umenewo amaumva msanga kuposa wa m'tchalitchi. Kusula munthu mmodzi n'kusiya banja lake lili m'mavuto n'kumanga khoma pamwamba pa maziko ong'aluka.

Kodi Mpingo unanenapo chiyani pa nkhaniyi?

Unanenapo momveka bwino, ndipo sunayambe lero. Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'chikalata cha Ad Gentes cha mu 1965, pa nambala 17, unayamikira khamu la akatekisiti, unapempha kuti sukulu zowasulira zichuluke, ndipo unati amene adzipereka kwathunthu ku ntchitoyi azilandira malipiro oyenera kuti akhale moyo waulemu. Malamulo a Mpingo a mu 1983, pa kanoni 231, amati akhristu eni ake amene apatsidwa ntchito yapadera ya Mpingo ali ndi ufulu wolandira malipiro owathandiza kusamala zosowa zawo ndi za banja lawo, kuphatikizapo thandizo pa matenda. Mu 1993 nthambi ya ku Roma yoona za kufalitsa Uthenga Wabwino inatulutsa malangizo okhudza akatekisiti, momwe inanenetsa kuti malipiro a katekisiti ndi nkhani ya chilungamo osati ya chifundo. Ndipo pa 10 Meyi 2021 Papa Francis, m'kalata ya Antiquum Ministerium, anakhazikitsa ukatekisiti ngati utumiki wovomerezeka wa akhristu eni ake, natsindika kuti katekisiti sasanduka wansembe wamng'ono, koma amakhalabe mkhristu wa pakati pa anthu.

Mfundo yomalizayi ndi yolemera kwa mabanja. Ngati katekisiti ali pa ukwati, sakramenti limenelo analilandira kale asanaitanidwe ku ukatekisiti, ndipo utumiki watsopanowu sulifafaniza kapena kulichepetsa. Zoona, mawu a malipiro amakhudza makamaka akatekisiti a nthawi zonse, osati ongodzipereka Loweruka ndi Lamulungu. Komabe munthu amene wasiya munda ndi ntchito yake kwa miyezi yambiri kuti akaphunzire m'dzina la parishi wadzipereka kale kwathunthu pa nthawi imeneyo.

Kodi ndi bwino kupita ndi banja lonse kapena kulisiya kumudzi?

Zimatengera kutalika kwa maphunziro ndi mmene malowo anamangidwira. Maphunziro ena ndi a milungu yochepa, obwerezabwereza pa chaka, ochitikira pa parishi kapena pa malo a dayosizi, ndipo pa amenewa banja limatsala kumudzi popanda vuto lalikulu. Ena ndi okhalira komweko kwa chaka kapena zaka 2. Malo osulirako akatekisiti monga Likulezi ku Phalombe, mu akidayosizi ya Blantyre, ndi Chikungu mu dayosizi ya Chipata ku Zambia, ndi odziwika bwino kwa akhristu olankhula Chichewa, ndipo mwambo umene unazika mizu m'malo ambiri otere mu Africa muno ndi woti wophunzira wa pabanja abwere ndi mnzake wa pa ukwati pamodzi ndi ana aang'ono.

Kumene mwayi wotero ulipo, maganizo athu ndi akuti banja lipite lonse. Mwamuna amene wakhala zaka 2 akuwerenga Malembo, kupemphera m'mawa ndi madzulo pa nthawi yake, ndi kucheza ndi anthu a m'maboma ena, amabwerera ali munthu wina. Mkazi akakhala kuti anatsala akulimbana yekha ndi munda, matenda a ana ndi mawu a abale, naye amasintha, koma mosiyana, ndipo awiriwa akakumananso amapeza kuti zokamba zawo sizikulumikizana. Akaphunzira limodzi amakula limodzi. Ana nawonso, makamaka osafika zaka 5, sazindikira za maitanidwe, chimene amadziwa n'chakuti bambo kapena mayi sakuoneka.

Pali zifukwa zomveka zimene zimalepheretsa: kholo lokalamba limene lilibe wina woliyang'anira, mwana wodwaladwala amene amalandira thandizo pa chipatala chimene anazolowera, kapena mnzako wa pabanja amene ali pa ntchito yolembedwa. Zikatero banja lisadzione ngati lalephera. Chofunika n'chakuti pakhale dongosolo la maulendo obwera kunyumba pa tchuthi chilichonse, ndalama ya thiransipoti idziwike kumene ichokere, ndipo mphakati, gulu laling'ono la akhristu oyandikana nyumba, ukhale ndi anthu otchulidwa mayina amene aziyendera pakhomopo. Mawu akuti “tizidzawaona” opanda dzina la munthu ndi tsiku amatha ndi mwezi woyamba.

Makolo onse awiri akakhala m'kalasi, ana aang'ono amawasamala ndani?

Ili ndi funso loyenera kufunsidwa kalata yovomera isanasayinidwe, chifukwa ndi pano pamene maphunziro a amayi ambiri amafera mwakachetechete. Wakhanda wosafika miyezi 6 ayenera kuyamwa mwakathithi, monga a zaumoyo amalangizira, choncho malo ake ndi kumsana kwa mayi ake, ngakhale m'kalasi. Mphunzitsi wanzeru amakhazika amayi oyamwitsa pafupi ndi khomo ndipo sakwinya nkhope mwana akalira. Vuto lenileni ndi ana a zaka 2 mpaka 5, amene sangakhale chete kwa maola atatu koma sanafike msinkhu wa Sitandade 1, womwe ndi zaka 6.

Ana amenewa amafuna sukulu ya mkombaphala, kaya ya pa malo pomwepo kaya ya m'mudzi woyandikana nawo. Siyifuna zambiri: chipinda kapena shedi yosadontha, mphasa, chimbudzi choyenera ana, madzi abwino, mpanda wowateteza ku msewu, chitsime kapena mtsinje, phala la m'mamawa lothira nsinjiro kapena Likuni Phala, ndi wolera amene anaphunzirapo kasamalidwe ka ana ndipo amalandira kangachepe pa mwezi. Njira yosinthana, yoti lero alera mayi uyu mawa uyo, imaoneka yosavuta ndipo ndalama silowapo, koma mtengo wake amalipira ndi amayiwo, popeza aliyense amajomba kalasi tsiku lake. Ngati palibe njira ina koma yosinthanayo, abambo alowemo nawonso pa mndandanda. Katekisiti amene anakhalapo m'mawa wathunthu ndi ana 10 a zaka zitatu adzaphunzitsa bwino ana a Tilitonse, kalasi ya katekisimu ya ana, kuposa amene anangowerenga za iwo.

Ndinaonapo mayi wina, mkazi wa wophunzira ukatekisiti, atakhala pa benchi ya kumbuyo, kope pa bondo, wakhanda ali kubere, wina wa zaka zitatu akukoka chitenje. Analemba mizere iwiri, wamkuluyo anathawira panja, iye anamulondola, ndipo pobwerako anapeza phunziro lapita patali. Atatero kwa milungu ingapo anasiya kubwera, nauza anzake kuti mutu wake sugwira zinthu. Mutu wake unalibe vuto. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi womugwirira mwana kwa maola atatu.

Kodi sitingatenge mwana wathu wamkulu, kapena mtsikana wa kwa achibale, kuti azilera anzake?

Kuthandiza pakhomo akaweruka kusukulu ndi mbali ya kaleredwe kathu, ndipo palibe akutsutsa zimenezo. Koma kuchotsa mtsikana m'kalasi, kapena kumujombetsa masiku ena pa mlungu, kuti makolo aphunzire za Mulungu, ndi kulakwa, ngakhale cholinga chikhale choyera chotani. Kawirikawiri zimagwera mwana wamkazi wa zaka 11 kapena 13, amene amati angopuma chaka chimodzi. Pobwerera amapeza anzake apita patsogolo, iye wakula thupi, manyazi amugwira, ndipo pasanapite nthawi pamveka za chibwenzi kapena banja. Malamulo a dziko lino, chisinthire Malamulo Aakulu mu 2017, amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Mtsikana wa kwa achibale naye ndi mwana wa munthu. Akabwera nawo, alembetsedwe sukulu tsiku lomwelo limene ana a m'nyumbamo akulembetsedwa, ndipo yunifolomu yake igulidwe pamodzi ndi yawo.

Nanga ana amene ali kale pa sukulu?

Sukulu ya pulayimale ya boma ndi yaulere kuyambira mu 1994, choncho kusamutsa mwana sikufuna fizi, koma kumafuna kalata ya transifa yochokera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yakale pamodzi ndi malipoti a mayeso. Makalatawa atengedwe teremu isanatseke, chifukwa pa tchuthi aphunzitsi amabalalika. Yunifolomu idzasintha, ndipo ndalama yake iwerengeredwe pa zofunika za ulendo. Ngati banja likuchokera kumene ana amayankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chilomwe pakhomo, makolo auze mphunzitsi wa kalasi kuti mwanayo asaonedwe ngati wogona pamene akungozolowera kayankhulidwe ka anzake.

Mwana wa Sitandade 8 ndiye wofunika kumuganizira mofatsa. Mayina a olemba mayeso a MANEB amalembetsedwa chaka cha sukulu chikadali koyambirira, ndipo mwana amalembera pa sukulu imene analembetsera. Komanso akasankhidwira ku sekondale yoyendera, imakhala ya m'dera la sukulu imene analembera mayesowo. Mwana amene walembera pafupi ndi malo a maphunziro angathe kusankhidwira komweko pamene makolo ake akulongedza katundu kubwerera kwawo, n'kuyamba kufunafuna transifa ina kapena malo ogona. N'chifukwa chake mabanja ambiri amasankha kusiya wa Sitandade 8 ndi wa ku sekondale m'manja mwa wachibale wodalirika. Akatero, wachibaleyo apatsidwe chimanga ndi sopo wa mwanayo, asangosenzetsedwa katundu chifukwa cha ubale, ndipo mwanayo aziimbiridwa foni ndi makolo ake eni, osati kungotumiziridwa moni kudzera kwa ena.

Za chipatala zimayenda bwanji?

Mabuku onse a kuchipatala ndi a kusikelo alongedzedwe m'pepala la pulasitiki ndipo akhale m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi maneti a udzudzu okwanira pogona paliponse. Mlungu woyamba banja lidzionetse kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti ana osafika zaka 5 apitirize sikelo ndi katemera popanda kudumphitsa. Mayi woyembekezera ayambe sikelo pa chipatala cha pafupi msangamsanga, ndipo adziwiretu kuti nthawi ya kuchidikiro ikakwana adzamudikirira ndani, popeza mayi ake ndi achemwali ake ali kutali. Apa ndi pamene Amayi Achikatolika a parishi yoyandikana ndi malowo amakhala abale enieni.

Zipatala za mishoni zimene zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo ya chikhristu, zimalipiritsa, ngakhale zina zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa kwaulere. Banja lifunse za chipatala cha kumene likupitako, ndipo limve momveka kuti bilu ikabwera alipire ndani. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya otalikitsa moyo, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, atenge kalata ya kuchipatala chawo yowasamutsira ku chipatala chatsopano. Nkhani imeneyi ndi ya iwo eni ndi a chipatala, si ya komiti ya parishi.

Munda, ziweto ndi nyumba tisiya bwanji?

Kwa banja la kumudzi munda ndiwo malipiro, ndipo chaka chimodzi chosalima chimamveka m'mimba kwa zaka ziwiri. Ntchito za m'munda sizidikira tchuthi cha ophunzira: mvula yobzalira imagwa chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, kupalira, kubandira ndi kuthira feteleza kumatsatira pomwepo, ndipo kukolola kumafika mu Epulo ndi Meyi. Parishi imene yatumiza munthu ingathe kulima munda umenewu kudzera m'miphakati, kapena malimana monga amatchulira m'madera ena, mphakati uliwonse n'kutenga ntchito yake ndi tsiku lake. Chiyambire zaka za m'ma 1970, pamene maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, anaika miphakati patsogolo ndipo Ambuye Patrick Kalilombe anailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe, cholinga chinali choti akhristu azisenzerana katundu wa tsiku ndi tsiku, ndipo munda wa katekisiti wophunzira ndi katundu woteroyo. Zokolola zithiridwe mankhwala a nankafumbwe ndi kulembedwa m'buku, thumba ndi thumba, pamaso pa mboni.

Ngati munda ubwerekedwa kwa wachibale kapena kuchititsidwa lendi, nkhaniyo ikambidwe pamaso pa nyakwawa ndi mwini mbumba, ndipo chaka chobweza chitchulidwe. Milandu yambiri ya malo imayamba ndi mawu okoma akuti “ingolimani, tikadzabwera tidzaona.” Mbuzi ndi nkhuku ziwerengedwe poikiza. M'nyumba mukhale munthu, chifukwa nyumba yotsekedwa dzinja lonse imadyedwa ndi chiswe ndipo denga la udzu limagwa. Ngongole ya ku banki mkhonde ibwezedwe banja lisananyamuke, kuti dzina la katekisiti lisadzatchulidwe pa bwalo iye ali m'kalasi.

Tsono ndalama zonsezi alipira ndani?

Nthawi zambiri katunduyu amagawidwa patatu: dayosizi imayendetsa malo a maphunziro ndi kulipira aphunzitsi, parishi yotumiza imathandiza wophunzira wake, ndipo banja limadzipezera zina. Pamene pamavuta ndi pa zinthu zimene aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye aona: sopo, mchere, ndalama ya kuchigayo, makala kapena nkhuni, makope a ana, nsapato, thiransipoti ya pa maliro. Pa banja la anthu 6 thumba la chimanga la makilogalamu 50 kawirikawiri silidutsa mwezi, ndipo mtengo wake mu Januwale ndi Febuluwale sufanana ndi wa mu Juni. Parishi imene ikulonjeza ndalama yokhazikika pa mwezi ikumbukire zimenezi, kapena ilonjeze matumba m'malo mwa ndalama ndi kuwagula nthawi yokolola.

Tikulangiza kuti zonse zilembedwe pa pepala limodzi, lisayinidwe ndi bambo mfumu, wapampando wa parishi, msungichuma, wophunzirayo ndi mnzake wa pabanja, ndipo aliyense asunge lake. Izi sizitanthauza kukayikirana. Ansembe amasamutsidwa, makomiti amasintha pa chisankho, ndipo olowa m'malo sangakwaniritse lonjezo limene sanalimve. Thandizoli lilowe mu bajeti ya parishi pamodzi ndi mtulo ndi zopereka za masika, lisamadalire mbale yapadera imene imayendetsedwa pokhapokha uthenga wa njala wafika. Walira mvula walira matope: parishi imene ikufuna katekisiti wosulidwa bwino yavomera kale kudyetsa ana ake pamene iye akusulidwa.

Kodi kufunsa za ndalama ndi chakudya sikusonyeza kuti munthu alibe maitanidwe enieni?

Ayi. Ofuna kukaphunzira ambiri amachita mantha kufunsa, poopa kuti anthu anena kuti atsata ndalama, ndipo amanyamuka ndi mafunso awo ali m'mimba. Amene amavutika pambuyo pake ndi ana, omwe sanafunsidwe kanthu. Bambo kapena mayi amene akufunsa kuti ana ake adya chiyani akukwaniritsa lonjezo limene anachita pa tsiku la ukwati ndi pa ubatizo wa anawo.

Akatekisiti amene Mpingo umawalemekeza kwambiri anali anthu a mabanja. Peter To Rot wa ku Papua New Guinea, amene anaphedwa mu 1945 chifukwa choteteza ukwati wachikhristu ndipo anatchulidwa woyera mu 2025, anali ndi mkazi ndi ana. Wodala Benedict Daswa wa ku South Africa, mphunzitsi ndi katekisiti amene anaphedwa mu 1990, anali bambo wa ana 8 ndipo amakumbukiridwa kuti ankagwira nawo ntchito za pakhomo zimene amuna ambiri a m'dera lake ankazisiyira akazi. Ku Mozambique, pa 22 Malichi 1992, nkhondo itatsala pang'ono kutha, anthu oposa 20 anatengedwa pa malo osulirako akatekisiti a Guiúa mu dayosizi ya Inhambane n'kuphedwa, ndipo pakati pawo panali amayi ndi ana amene anabwera ndi makolo awo ku maphunziro. Mabanja a akatekisiti apereka kale zambiri, ndipo sayenera kuchita manyazi pofunsa za ufa.

Nanga ngati wophunzirayo ndi mayi?

Akatekisiti aakazi alipo ndipo Mpingo umawafuna, koma mayi akasankhidwa mafunso amachuluka kuposa a bambo, chifukwa ntchito zimene iye amagwira pakhomo anthu amazizindikira tsiku limene wachokapo. Mwamuna wake afunsidwe ndi bambo mfumu pamasom'pamaso, monga mmene mkazi wa wophunzira wamwamuna amayenera kufunsidwira payekha, ndipo kuvomera kwake kukhale ndi manja: kuphikira ana, kupita nawo ku sikelo, kuchapa yunifolomu. Abambo Achikatolika a pa tchalitchi chake amuyimire kumbuyo, popeza mawu onyoza a anzake pa msika amafooketsa mwamuna kuposa ntchito yeniyeniyo. Mayi wamasiye kapena wolera yekha ana asakanidwe chifukwa chakuti alibe womusiyira ana. Parishi imufunire njira, ndipo malo a maphunziro amulole kubwera ndi aang'ono.

Kodi achibale ali ndi mawu pa nkhaniyi? Nanga ana amasiye amene tikulera?

Ali nawo. Kumene kuli chikamwini, mkamwini sangangonyamula mkazi ndi ana popanda kukambirana ndi malume awo a anawo, ndipo kumene kuli chitengwa kapena malowolo abale a kuchimuna amayembekezeranso kuuzidwa. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri adziwitsidwe msanga, amve kutalika kwa maphunziro, ndiponso amve kuti akatha maphunzirowo banjali lingathe kutumizidwa kukatumikira kutali ndi mudzi. Zikakambidwa poyera, abale omwewo ndi amene amasunga munda ndi mwana wa Sitandade 8.

Ana amasiye amene banja likulera ndi ana a m'nyumbamo. Polemba fomu atchulidwe onse, chifukwa nyumba ndi chakudya zimakonzedwa potengera chiwerengero chimene chalembedwa. Mwana amene anataya kale makolo, akaona kuti obadwa m'nyumbamo akwera galimoto iye n'kutsala, amamva umasiye kachiwiri.

Ana amatetezedwa bwanji pa malo pamene pali mabanja ambiri osadziwana?

Malo opempherera sachotsa kufunika kokhala tcheru. Malo aliwonse olandira ana akhale ndi malamulo olembedwa oteteza ana, ndi munthu wodziwika amene mwana kapena kholo lingamufikire. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana wa mnzake m'chipinda chotseka, atsikana asatumidwe usiku kapena kukagwira ntchito m'nyumba za aphunzitsi ndi ansembe, ndipo olera ana asamenye. Nkhani ya nkhanza, makamaka yogwirira mwana, si yokambirana m'nyumba kuti dzina la Mpingo lisaipe. Ndi mlandu pa malamulo a dziko, ndipo iyenera kukafika kupolisi, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'bomalo, kapena pa nambala yaulere ya 116, mwanayo n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ophunzira ukatekisiti aphunzire zimenezi ngati phunziro lenileni, popeza mawa ndi iwo amene adzakhale ndi ana a anthu m'kalasi Loweruka lililonse.

Kumudzi kukagwa maliro kapena ngozi?

Wophunzira amapempha chilolezo kwa mkulu wa malowo, ndipo ndalama ya ulendo wotere ikhale itasungidwa padera kuyambira pachiyambi. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ku Phalombe, Mulanje ndi Blantyre amadziwa kuti misewu ndi milatho zingaduke tsiku limodzi, choncho banja limene lagawikana likhale ndi nambala za foni za anthu awiri kapena atatu a kumudzi, osati mmodzi yekha.

Maphunziro akatha, thandizo limathera pomwepo?

Miyezi yoyamba banja litabwerako ndi yovuta kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa malo a maphunziro panali belu, anzawo ndi chakudya chodziwika nthawi yake, pamene kumudzi kapena ku tchalitchi chatsopano banja limayambiranso, mwina nkhokwe ili yopanda kanthu. Parishi idziwitse banja kumene likatumikire miyezi ingapo maphunziro asanathe, kuti transifa ya ana ikonzedwe ndi kuti munda upezeke mvula isanagwe. Nyumba ya katekisiti ikonzedwe iye asanafike: denga, zitseko, chimbudzi, bafa ndi khitchini. Akhristu a kumeneko apereke chimanga chofikitsa banjalo pa kukolola kwake koyamba.

Bambo mfumu ndi komiti agwirizanenso ndi katekisiti za tsiku limodzi pa mlungu limene sayitanidwa ku msonkhano uliwonse kupatula maliro ndi odwala mwakayakaya, ndipo tsikulo lilengezedwe m'tchalitchi kuti akhristu alidziwe. Mkazi wa katekisiti asasankhidwe m'maudindo onse a amayi chaka choyamba chifukwa chongoti anaphunzira, ndipo ana ake aloledwe kulowa kwaya kapena kutumikira pa Misa mwa kufuna kwawo monga ana ena onse. Pakatha miyezi 6, wapampando wa parishi ndi mayi mmodzi wa m'komiti apite pakhomopo, akhale pansi ndi mwamuna ndi mkazi yemwe, atulutse pepala lija linasayinidwa banja lisananyamuke, ndi kuliwerenga mzere ndi mzere.